Array yosadzaza: loop yanu ilekezere pati?

Tinene kuti mwapanga array ya malo 100 yosungira malikisi a mayeso, koma amene alemba mayesowo ndi anthu 37 okha. Mwalowetsa malikisi awo, mwalemba loop yochokera pa 0 mpaka `malikisi.length`, mwawonkhetsa, mwagawa. Avereji yatuluka 24, chonsecho inu mukudziwa kuti ambiri anakhoza. Pulogalamu sinagwe, sinadandaule chilichonse, yangokupatsani yankho labodza ili phee.

Gwero la vutoli ndi lakuti array siidziwa kuti mwaikamo zinthu zingati. Chomwe imadziwa ndi kukula kwake basi. Mu Java, mukangolemba `new int[100]`, malo onse 100 amakhala ataikidwa kale 0. Array ya `boolean` imayamba ndi `false`, ya `String` kapena ya ma object ena imayamba ndi `null`. Kwa inu malo 63 otsalawo ndi opanda kanthu, koma kwa kompyuta muli manambala abwinobwino, ndipo 0 amene anaika Java salekana ndi 0 wa munthu amene analephera mafunso onse. Mu C ndiye zimanyanya. Array yomwe mwailengeza mkati mwa function osaipatsa poyambira imakhala ndi zotsalira zilizonse zimene zinali mu memory pamalopo, moti pulogalamu ikhoza kuyenda bwino pa kompyuta yanu n'kukachita zina pa kompyuta ya mnzanu.

Zitsanzo zambiri pano zili mu Java, koma nzeru yake ndi yomweyo ku C, C++ ndi C#.

Choyamba, sungani chiwerengero pambali

Popeza array siiwerenga, muziwerenga ndinu. Pomwe mwalengeza array, pomwepo lengezaninso variable yosunga kuchuluka kwa zimene zalowadi.

```java
int[] malikisi = new int[100];
int alimo = 0;
```

Tsopano muli ndi manambala awiri osiyana. `malikisi.length` akunena za malo amene alipo, ndipo sadzasintha. `alimo` akunena za malo amene mwagwiritsa ntchito, ndipo azikwera kapena kutsika pulogalamu ikamayenda. Lamulo loti mudziikire nokha ndi ili: zinthu zenizeni zizikhala zothithikana kumayambiriro, kuchokera pa index (nambala ya malo) 0 mpaka `alimo - 1`, popanda mpata pakati. Zonse zimene zikubwera m'munsimu zadalira lamulo limeneli.

Poika chinthu chatsopano

```java
if (alimo < malikisi.length) {
    malikisi[alimo] = atsopano;
    alimo++;
} else {
    System.out.println("Malo atha");
}
```

Taonani bwino mzere wachiwiriwo, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. `alimo` akugwira ntchito ziwiri nthawi imodzi. Ndi chiwerengero cha zimene zilimo, komanso ndi index ya malo oyamba opanda kanthu. Zili choncho chifukwa index imayambira pa 0. Mukakhala ndi zinthu 37, zakhala pa 0 mpaka 36, ndiye malo otsatira ndi 37, nambala yomweyo ya chiwerengero. Array ikakhala yopanda kanthu, `alimo` ndi 0, ndipo malo oyamba kulembapo ndi 0. Simufunika variable ina.

Yambani mwalemba, kenako kwezani chiwerengero. Mukatembenuza, malo 0 atsala osalembedwa ndipo chilichonse chisunthira kutsogolo ndi malo amodzi. Ambiri amafupikitsa mizere iwiriyo kukhala `malikisi[alimo++] = atsopano;`, ndipo ndi zolondola, bola `++` akhale kumbuyo. Akabwera kutsogolo, monga `++alimo`, ndiye mwatembenuza kuja.

Gawo la `else` musalisiye. Pulogalamu yomwe imataya chinthu cha nambala 101 mwakachetechete ndi yoopsa kuposa yomwe imagwa, chifukwa yogwayo mumaiona.

Loop yeniyeniyo

```java
int zonse = 0;
for (int i = 0; i < alimo; i++) {
    zonse += malikisi[i];
}
```

Kusintha kwake ndi kochepa: pamene panali `malikisi.length` paikidwa `alimo`. Chizindikiro chikhale `<`, osati `<=`. Mukalemba `<=`, loop iwerenga malo amodzi owonjezera, aja oyamba opanda kanthu. Choipa chake n'chakuti cholakwikachi chimabisala. Array ikadali ndi mpata, pulogalamu siigwa, imangowerenga 0 wina. Tsiku lomwe yadzaza ndi pamene Java imaponya `ArrayIndexOutOfBoundsException`, chifukwa index 100 kulibe. C sakuuzani n'komwe, amangowerenga zomwe zili kutsogolo kwa array mu memory.

Chenjeraninso ndi loop yaifupi ija, `for (int m : malikisi)`, yomwe inabwera ndi Java 5 mu 2004. Ndi yokongola, ndipo ine ndimaikonda pa array yodzaza. Koma ilibe poiuzira kuti ilekezere pati. Imayenda malo onse 100. Pa array yosadzaza bwererani ku loop ya index.

Mwina mukuti, bwanji nanga ine ndinayenda array yonse koma yankho linatuluka lolondola? N'kutheka ngati mumangowonkhetsa, chifukwa maziro 63 saonjezera kanthu. Chikomekome cha mkuyu chimenecho, mkati muli nyerere. Funsani pulogalamu yomweyo malikisi otsika kwambiri, ikuuzani 0. Ifunseni kuti olephera kufika 50 ndi angati, ikuwonjezerani anthu 63 amene sanalembe n'komwe mayeso. Array ikakhala ya mayina, `mayina[i].length()` ayenda bwino mpaka index 36, pa 37 apeza `null`, ndipo pulogalamu igwa ndi `NullPointerException`. Kugwa kumeneku ndi chifundo, chifukwa kukulozerani mzere weniweni wolakwika.

Nanga mukakhala mulibe kanthu?

Loop ya pamwambayo siivutika `alimo` akakhala 0, imangodumphidwa. Zovuta zili pa zimene zimabwera loop itatha. Kugawa `zonse / alimo` onse ali `int` kumaponya `ArithmeticException`. Mukayamba mwasandutsa `double`, monga mmene muyenera kuchitira kuti avereji isadulidwe mchira, 0.0 kugawa ndi 0 kumatulutsa `NaN`, kutanthauza kuti yankholo si nambala, ndipo `NaN` ameneyo amalowerera m'masamu onse otsatira osalankhula.

Popeza chochepetsetsa, anthu ambiri amayambira pa chinthu choyamba:

```java
if (alimo > 0) {
    int otsika = malikisi[0];
    for (int i = 1; i < alimo; i++) {
        if (malikisi[i] < otsika) {
            otsika = malikisi[i];
        }
    }
    double avereji = (double) zonse / alimo;
}
```

Popanda `if` woyambayo, `malikisi[0]` awerengeka ndithu, poti malowo alipo, koma chomwe mwawerengacho si malikisi a munthu aliyense.

Array isayende yokha

Mukamatumiza array ku method ina, chiwerengero chipite nawo. Method yolandira `int[] malikisi` yokha ilibe njira yodziwira kuti zenizeni zathera pati, ndiye ilembeni kuti izilandira zonse ziwiri: `pezaAvereji(int[] malikisi, int alimo)`.

Olemba C anazolowera kale zimenezi chifukwa alibe kuchitira mwina. Njira ija ya `sizeof(a) / sizeof(a[0])` imapereka kukula kwa array, osati zimene zilimo, ndiponso imagwira ntchito pokhapokha mu function momwe array inalengezedwa. Ikangotumizidwa ku function ina imasanduka pointer, adiresi chabe ya pomwe array yayambira mu memory. Pa kompyuta ya 64-bit pointer ndi ma byte 8, `int` nthawi zambiri ndi ma byte 4, ndiye yankho limatuluka 2, kaya array ili ndi malo 10 kaya 10,000. Ngakhale `main` weniweniyo amalandira chiwerengero, `argc`, pambali pa array yake, `argv`.

Ma method a mu `java.util.Arrays` nawonso auzeni malire. Ambiri ali ndi mtundu wolandira poyambira ndi polekezera, ndipo polekezerapo sipawerengedwa, choncho `alimo` amakwanira ndendende:

```java
Arrays.sort(malikisi, 0, alimo);
int pomwe = Arrays.binarySearch(malikisi, 0, alimo, 72);
int zonse = Arrays.stream(malikisi, 0, alimo).sum();
System.out.println(Arrays.toString(Arrays.copyOf(malikisi, alimo)));
```

Pa `sort` ndiimepo pang'ono. Zolakwika zina zimangokupatsani yankho loipa, koma ichi chimasokoneza array yeniyeniyo. Mukalemba `Arrays.sort(malikisi)` popanda malire, maziro 63 aja, poti ndi ang'onoang'ono, amathamangira kumayambiriro, malikisi enieni n'kukankhidwira ku index 63 mpaka 99. `alimo` akadali 37. Loop yanu yolondola ija tsopano iwerenga maziro 37 okhaokha, ndipo mudzataya nthawi kufufuza loop yomwe ilibe mlandu.

Bwanji osangoima tikapeza null kapena 0?

Funso limeneli limabwera nthawi zonse, ndipo si lopusa. M'malo mosunga chiwerengero, ena amayenda mpaka atapeza chizindikiro chakuti zathera pano: `null`, 0 kapena -1. Mawu mu C amasungidwa choncho. Ndi array ya `char` yomwe imathera ndi `'\0'`, n'chifukwa chake `char dzina[10]` imasunga zilembo 9 zokha, malo achikhumiwo ndi a chizindikiro.

Njirayi imagwira ntchito chizindikirocho chikakhala chinthu chomwe sichingapezeke pakati pa zenizeni. Pa malikisi 0 sangakhale chizindikiro, chifukwa munthu akhoza kupeza 0. Pa kutentha kwa nyengo, -1 ndi muyeso weniweni. Mukasankha molakwa, loop imaima panjira ndipo zotsalazo zimasowa popanda wodziwa.

Pali msampha wachiwiri. Array ikadzaza, chizindikiro mulibe. Loop ya `while (mayina[i] != null)` idutsa malo otsiriza n'kugwera kunja. Kuti isatero pamafunika malire awiri, `i < mayina.length && mayina[i] != null`, ndipo aikidwe mwa dongosolo lomweli, chifukwa `&&` amayamba waona kumanzere, kukakhala kwabodza kumanja sapitako. Wachitatu ndi wa nthawi: kuti mudziwe kuchuluka kwa zinthu muyenera kuyenda mpaka mutapeza chizindikirocho, monga amachitira `strlen`, wowerenga zilembo mu C, nthawi iliyonse mukamuitana. Chiwerengero chosungidwa pambali mumangochiyang'ana.

Palinso ena amene amayenda array yonse n'kumadumpha malo a `null` ndi `if`. Zimenezi n'zoyenera pamene mipata ili ndi tanthauzo, monga mipando ya m'ndege pomwe index ndi nambala ya mpando ndipo `null` akutanthauza kuti sunagulidwe. Imeneyo ndi array ya mtundu wina. Ngati yanu ndi mndandanda chabe womwe ukukula, kudumpha `null` ndi kuphimba vuto.

Kuchotsa chinthu osasiya dzenje

Mukachotsa chinthu pakati, zakutsogolo zonse zibwerere m'mbuyo ndi malo amodzi, kenako chiwerengero chitsike.

```java
for (int i = pochotsa; i < alimo - 1; i++) {
    malikisi[i] = malikisi[i + 1];
}
alimo--;
```

Malire ndi `alimo - 1` chifukwa mkati mwa loop mukuwerenga `i + 1`. Nambala yomwe inali kumapeto ikadalipo pamalo ake akale, koma yatsala kunja kwa malire, ndiye palibe loop yolondola yomwe iione. Pa manambala isiyeni. Pa ma object onjezani `mayina[alimo] = null;` mutatsitsa chiwerengero, kuti garbage collector, yemwe amachotsa ma object osagwiritsidwanso ntchito, athe kumasula memory. `ArrayList` ya Java imachita zomwezo mkati mwake.

Ngati dongosolo la zinthu lilibe ntchito, pali chidule: tengani chomaliza muchiike pa dzenjepo, `malikisi[pochotsa] = malikisi[alimo - 1];`, n'kutsitsa `alimo`. Simusuntha china chilichonse.

Chomwe chimaimitsa mutu ndi kuchotsa muli mkati mwa loop. Mwachotsa cha pa index 4, cha pa 5 chabwerera pa 4, loop yapita pa 5. Chobwereracho sichinayang'anidwe. Zinthu ziwiri zoyenera kuchotsedwa zikagundizana, chachiwiri chimapulumuka. Mukhoza kuyenda chobwerera, kuchokera pa `alimo - 1` kutsikira ku 0, ndipo vutoli limatha. Koma pochotsa zambiri ine ndimasankha ma index awiri, imodzi yowerengera, ina yolembera:

```java
int polemba = 0;
for (int i = 0; i < alimo; i++) {
    if (malikisi[i] >= 50) {
        malikisi[polemba] = malikisi[i];
        polemba++;
    }
}
alimo = polemba;
```

Ulendo umodzi wokha, zosungidwa zathithikana kumayambiriro, dongosolo silinasokonekere. Mzere womalizawo ndi umene anthu amaiwala.

Buffer ndi array yosadzaza yomweyo

Musaganize kuti nkhaniyi ndi ya m'kalasi chabe. Nthawi iliyonse mukamawerenga fayilo kapena zochokera pa intaneti, mumapereka buffer, array yolandirira ma byte, ndipo `read` amakubwezerani kuchuluka kwa ma byte amene waikamo. Nambala imeneyo ndi `alimo` wanu.

```java
byte[] buffer = new byte[8192];
int n;
while ((n = kolowera.read(buffer)) != -1) {
    kotulukira.write(buffer, 0, n);
}
```

Tengani fayilo ya ma byte 10,000. Ulendo woyamba buffer idzaza, 8192. Wachiwiri mulowa 1808 okha, ndipo malo 6384 otsalawo akadali ndi za ulendo woyamba. Mukalemba `write(buffer)` popanda `n`, fayilo yatsopano ituluka ndi ma byte 16,384, kumapeto kwake kuli zobwereza. Pano zotsalirazo si maziro ooneka msanga ayi, ndi zidutswa za fayilo yomweyo, ndiye zimaoneka ngati zenizeni.

Cholakwika cha Heartbleed, chomwe chinaululika mu April 2014 mu OpenSSL, pulogalamu yotetezera mauthenga a pa intaneti, ndi m'bale wake wa vuto lomweli. Uthenga unkabwera ndi nambala yonena kutalika kwake, ndipo seva inkakhulupirira nambalayo osaiyerekeza ndi zomwe zafikadi. Munthu ankatumiza zochepa n'kunena kuti watumiza zambiri, seva n'kumubwezera mpaka ma kilobyte 64 a zomwe zinali pafupi mu memory, momwe mukanatha kupezeka mawu achinsinsi a anthu ena. Choncho chiwerengero chikachokera kunja kwa pulogalamu yanu, chiyeseni kaye musanachipatse loop.

Malo akatha

Array siikula. Chomwe mungachite ndi kupanga yaikulu n'kusamutsira zinthu kumeneko:

```java
if (alimo == malikisi.length) {
    malikisi = Arrays.copyOf(malikisi, malikisi.length * 2);
}
malikisi[alimo++] = atsopano;
```

Kuwirikiza kawiri kuli bwino kuposa kuwonjezera malo amodzi, chifukwa kukopera zonse nthawi iliyonse kumachedwetsa array ikakula. Onetsetsani kokha kuti simunayambe ndi array ya malo 0, poti 0 kuwirikiza kawiri ndi 0.

Mukafika apa mwalemba nokha kamwana ka `ArrayList`. Mkati mwake muli array yosadzaza ndi chiwerengero. Imayamba ndi malo 10 mukaika chinthu choyamba, ndipo ikadzaza imakula ndi theka la kukula kwake. `size()` amakupatsani zimene zilimo, ndiye loop yaifupi ija imagwira ntchito bwinobwino. `std::vector` ya C++ imaonetsa manambala onse awiri poyera, `size()` ndi `capacity()`. Pa ntchito yeniyeni, ngati palibe chokukakamizani, gwiritsani ntchito zimenezi. Koma kusiyana kwa malo ndi zomwe zilimo kumakutsatiranibe. `new ArrayList<>(100)` ili ndi malo 100 koma `size()` ndi 0, moti `set(0, x)` aponya `IndexOutOfBoundsException`. Mu C++, kulemba pa `v[0]` mutangoitana `reserve(100)` pa vector yopanda kanthu ndi kulemba kunja kwa malire, ngakhale memory ilipo.

JavaScript ili ndi khalidwe lakelake. `new Array(5)` imakhala ndi `length` 5 koma malo ake ndi maenje. `forEach` amawadumpha, pomwe `for...of` amawayendera n'kupereka `undefined`. Mu Python list imakula yokha ndi `append`, koma mukayamba ndi `[0] * 100` mwadzibweretsera vuto lonseli, ndipo muyenera kuyenda pa `malikisi[:alimo]`.

Kuyesa

Yesani pulogalamu yanu ndi zinthu 0, chinthu chimodzi, array yodzaza ndendende, ndiponso chinthu chimodzi choposa malo. Kuti zisakutopetseni, chepetsani array ikhale ya malo 3 kapena 4 poyesapo. Palibe amene amalowetsa manambala 100 pamanja kuti aone chomwe chichitike pa 101, n'chifukwa chake zolakwika za kumapeto zimakhalitsa.

Maziro amabisa zambiri, ndiye achotseni dala. Mukangopanga array, lembani `Arrays.fill(malikisi, -999);` musanaikemo kanthu. Pulogalamu yolondola siisintha yankho ngakhale pang'ono, chifukwa siifika kumeneko. Ikakhala kuti pena pake loop yadutsa malire ndi malo amodzi okha, chiwonkhetso chitsika ndi 999, ndipo -999 atulukira pa malikisi otsika kwambiri. Mukamuona, fufuzani paliponse pomwe palembedwa `.length`, `<=` kapena loop yaifupi ija.